Kuthangata Kapena Thangata?

Phunziro 9

SABATA MASANA

Werengani pa Phunziro la Sabata Ino: Eksodo 5:6-18, 35:20-29, Hoseya 11:1-4, Luka 15:25-32, Yohane 14:15-24, 21:15-17, 2 Akorinto 5:14, 15.

Vesi Loloweza: 1 Yohane 4:19.

Ganizo Lalikulu: Mulungu safuna ntchito ya kapolo amene amawerenga masiku ake kuti athe msanga. Iye afuna kumvera kwa mwana amene wadziwa kuti amakondedwa.

Pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa pali chigwa chimene mtsinje wa Domasi umatsikiramo pa ulendo wake wopita ku nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi, m'chaka cha 1884, amishonale a mpingo wa ku Scotland ochokera ku Blantyre anatsegula mishoni, imene lero ili m'manja mwa abale athu a CCAP, Sinodi ya Blantyre. Malowa si a mpingo wathu, koma mbiri yake ndi ya Akhristu onse a m'dziko muno, ndipo imatifunsa funso limene aliyense wa ife ayenera kuliyankha payekha: Kodi chimene chimatitumikiritsa Mulungu n'chiyani?

Anthu awiri angathe kukhala pa benchi limodzi m'tchalitchi, kuimba nyimbo imodzi, ndi kubweza chakhumi chofanana. Wina akuchita zimenezi chifukwa akuopa chiweruzo, kapena akuopa kuti akulu a mpingo adzamfunsa. Mnzake akuchita chifukwa anakhululukidwa zambiri, ndipo alibe njira ina yothokozera. Mlembi wa mpingo sangawasiyanitse m'kaundula wake. Koma Mulungu amawasiyanitsa, ndipo zaka zikapita kusiyanako kumaonekera kwa onse. Woyamba uja amatopa, amawawidwa mtima, kapena amasanduka woweruza anzake. Wachiwiri amapirira kufikira chimaliziro. Sabata ino tiphunzira gwero la kusiyana kumeneku, ndi chimene tingachite tikadzipeza tili mbali ya woyambayo.

SANDE

Chikoti Sichifika Pamtima

Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876. Amene anabwera poyamba anali ndi cholinga chabwino: kulalikira Khristu ndi kuthetsa malonda a akapolo. Anthu othawa ukapolo ndi nkhondo anadzamanga pafupi ndi mishoni, ndipo ena mwa amishonale anayamba kudziyesa mafumu ndi oweruza a anthuwo. Ogwidwa ndi mlandu wakuba ankakwapulidwa ndi chikoti. Pofika chaka cha 1879, munthu wina anali atafa chifukwa cha kukwapulidwa, ndipo wina, amene anamweruza mlandu wakupha, anali atawomberedwa ndi mfuti. Nkhaniyi itamveka ku Scotland m'chaka cha 1880, mpingo unatumiza anthu odzafufuza. M'chaka cha 1881 mtsogoleri wa mishoni anabwerera kwao, ndipo ena anachotsedwa ntchito.

Werengani Luka 9:51-56. Kodi Yakobo ndi Yohane anafuna kuchita chiyani kwa Asamariya amene anakana kulandira Yesu? Nanga Yesu anachitapo chiyani?

Changu cha pa Mulungu chingathe kukhala chenicheni, koma n'kugwira chida cholakwika. Ophunzira awiri aja ankakonda Ambuye wao, komabe anaganiza kuti ulemu wake ungatetezedwe ndi moto. Yesu anawadzudzula, napita nao kumudzi wina.

M'chaka cha 1881 David Clement Scott anafika kudzatsogolera ntchito ya ku Blantyre. Iye analemekeza mabwalo a mafumu, nadzipereka kuphunzira chilankhulo cha anthu, kufikira anasindikiza buku lalikulu lotanthauzira mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892. Mishoni ya Domasi inabadwa m'nyengo yatsopano imeneyi. Alexander Hetherwick, mnyamata amene anali asanakwanitse zaka 25, anakwera kuchigwako m'chaka cha 1884, nakhala m'dziko la Mfumu Malemia. Nthawi imeneyo kunalibe boma la Angerezi lomteteza, pakuti ulamuliro wao pa dziko lonseli unalengezedwa m'chaka cha 1891. Iye anaphunzira Chiyao, natembenuzira Uthenga Wabwino m'chilankhulocho. Munthu wobwera kusukulu kapena kumapemphero anabwera ndi miyendo yake.

Njira imeneyi inali yochedwa, ndipo sinapindule onse. Ayao ambiri a m'zaka zimenezo anasankha Chisilamu, ndipo mishoni inalibe mphamvu yowaletsa. Koma pakati pa iwo amene anabwera mwaufulu panatuluka aphunzitsi ndi alaliki, ndipo m'chaka cha 1911 mishoni ya Blantyre inadzoza abusa ake oyamba a m'dziko muno, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha.

Werengani Hoseya 11:1-4 ndi Yeremiya 31:3. Kodi Mulungu amadziyerekeza ndi yani pamene akufotokoza m'mene anachitira ndi Israyeli?

Mneneri akutionetsa kholo limene lagwira mwana dzanja kumphunzitsa kuyenda, ndi kuwerama kuti limdyetse. Mulungu ali nayo mphamvu yotigonjetsa tonse m'kamphindi, koma anasankha njira imene imasiya munthu ali ndi ufulu wokana. Anatero chifukwa chikoti chimafika pamsana pokha. Iye afuna mtima.

Funso loganizira: M'nyumba mwanu kapena mu mpingo wanu, kodi pali anthu amene amamvera chifukwa chokuopani? Kodi mukuganiza kuti adzachita chiyani tsiku limene inu simudzakhalapo?

LOLEMBA

Liu Limodzi, Matanthauzo Awiri

Makolo athu ankalidziwa bwino liu lakuti kuthangata. Munthu akadwala nthawi ya dzinja, abale ndi anansi ankanyamula makasu kukampalira munda. Denga likafuna kukwezedwa, mudzi unkasonkhana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Panalibe kapitao wolemba maina. Mwini ntchito ankakonza nsima ndi thobwa, ndipo makasu ankayenda ndi nyimbo.

Azungu atatenga malo akuluakulu m'madera a Zomba, Chiradzulu, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, liu lomwelo linapatsidwa ntchito ina. Munthu wokhala pa esiteti anayenera kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi, ndiponso kuti alipiridwe msonkho wa nyumba. Pa pepala inali miyezi yowerengeka pa chaka, koma m'malo ambiri masikuwo ankatalikitsidwa, ndipo ankafunidwa m'nyengo yomweyo imene munthu anayenera kukhala m'munda mwake. Ambiri mwa ozunzikawo anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Ku Magomero, kum'mwera kwa Zomba, nkhanza za thangata zinali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe m'mwezi wa Januwale 1915. Mchitidwewu unathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, koma kufikira lero munthu akanena kuti ntchito yasanduka thangata, tonse timamva chimene akutanthauza.

Khasu linali lomwelo, dothi lomwelo, thukuta lomwelo. Chimene chinasintha ndicho chifukwa chogwirira ntchitoyo.

Werengani Eksodo 5:6-18, kenaka Eksodo 35:20-29 ndi 36:3-7. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa ntchito ziwirizi?

Ku Aigupto ana a Israyeli anaumba njerwa pansi pa akapitao a Farao. Anawerengeredwa muyeso wa tsiku ndi tsiku, ndipo udzu utachotsedwa muyesowo sunachepetsedwe. Patapita miyezi yowerengeka, anthu omwewo, ndi manja omwewo, anali kupota thonje, kusema mitengo ndi kubweretsa zokometsera zao zagolidi kuti amangire Yehova chihema. Mose sanaike muyeso pa munthu aliyense. Mobwerezabwereza nkhaniyo ikunena kuti anabwera amene mitima yao inawafulumiza. Mapeto ake amisiri anadandaula kuti zinthu zachuluka, ndipo Mose analengeza kuti anthu aleke kubweretsa. Farao sanafikepo pa bvuto lotere.

Pakati pa njerwa ndi chihema pali Nyanja Yofiira. Anthuwa anapereka chifukwa anali ataomboledwa kale.

Ife tingathe kusandutsa chakhumi kukhala msonkho wa nyumba, ndi risiti ya msungichuma kukhala chiphaso chotiteteza kwa Mulungu. Tingathenso kupereka ndi mtima wamalonda. Mwambi wathu umati kupatsa n'kuika, ndipo pakati pa anansi mwambiwu uli ndi nzeru yake. Koma tikaulowetsa m'chipembedzo, timayamba kuyesa Mulungu wamangawa wathu, ndipo matenda kapena chilala zikafika timamva ngati Iye watibera. Paulo pa 2 Akorinto 9:7 akuchotsa zonse ziwiri, chisoni ndi kukakamizidwa, pa chopereka cha Mkhristu.

Funso loganizira: Ndi mbali iti ya moyo wanu wachikhristu imene yayamba kumveka ngati thangata? Kodi inayamba liti kumveka chomwecho?

LACHIWIRI

Kapolo M'nyumba ya Atate Wake

Fanizo la pa Luka 15:11-32 timalitcha la mwana wolowerera, ndipo kawirikawiri timalekeza pa phwando. Koma Yesu analinena chifukwa cha Afarisi ndi alembi amene ankang'ung'udza poona Iye akudya ndi ochimwa, monga tiwerenga pa vesi 2. Mbali yomaliza ya fanizoli ndiyo inali yao, ndipo ndiyo imene ikutikhudza kwambiri ife amene takulira mu mpingo.

Werengani Luka 15:25-30. Lembani zinthu zitatu zimene mau a mwana wamkulu akuulula za mtima wake.

Mwanayu sanachokepo pakhomo. Anali kumunda pamene mng'ono wake ankafika. Pa zonse zooneka ndi maso iye anali mwana wabwino, wotere amene kholo lililonse lingamnyadire pamudzi. Koma atatsegula pakamwa, zinadziwika kuti zaka zonsezo anali kuwerenga. Anawerenga zaka za ntchito, anawerenga malamulo amene sanawaswe, anawerenga ngakhale mwana wa mbuzi amene sanapatsidwe. Liu la Chigriki limene iye anagwiritsa ntchito pofotokoza kutumikira kwake ndilo liu la ntchito ya kapolo. Mwini cholowa ankadziona ngati wa pa thangata m'munda wa atate wake.

Taonaninso kuti ana onse awiri analakwitsa pa chinthu chimodzi. Wamng'ono anabwerera atakonza pempho lakuti alembedwe ngati wantchito wolipidwa. Wamkulu anali atadzilemba kale yekha. Onse anaganiza kuti malo a pakhomo amagulidwa ndi ntchito. Atate anakana ganizo limeneli kwa onse awiri. Wamng'ono sanamlole kumaliza pempho lake, ndipo wamkulu anamtulukira kunja kukamdandaulira, namkumbutsa kuti zonse za pakhomopo zinali zake kuyambira kale.

Werengani Agalatiya 4:4-7 ndi Aroma 8:14-17. Kodi Mzimu Woyera amasintha chiyani pa m'mene timaonera Mulungu?

Mtima wa thangata uli ndi zizindikiro zimene tingazione mwa ife tokha. Choyamba, umafunsa za muyeso wochepetsetsa: Kodi dzuwa lalowa kale kuti ndiyambe zanga? Kodi chakhumi ndichotse ndisanachotse zolipira zina kapena nditachotsa? Mafunso otere sali olakwa pa okha, koma akakhala mafunso athu okhawo, akuulula kanthu. Chachiwiri, umakwiya ndi chisomo. Mbale amene anachotsedwa mu mpingo akabwerera ndi kubatizidwanso, mtima wotere umakumbukira tchimo lake kuposa kulapa kwake. Chachitatu, umataya ubale. Mwana wamkulu sanathe kutchula wobwererayo kuti mbale wanga. Anamutcha mwana wa atate wake, ndipo atatewo ndiwo anambwezera liu la ubale pakamwa.

Yesu sanatiuze ngati mwana wamkulu analowa m'nyumba. Fanizo likutha atate ali chiimire panja, nyimbo zikumveka m'kati. Analisiya chomwecho kuti womva aliyense alimalize ndi moyo wake.

Funso loganizira: Mukamva kuti munthu amene anakulakwirani, kapena amene anachititsa manyazi mpingo, walapa ndipo walandiridwa, n'chiyani chimayamba kubwera mumtima mwanu?

LACHITATU

Malamulo ndi Chikondi

Mpingo wathu unayamba ntchito m'dziko muno m'chaka cha 1902, pamene unagula malo a mishoni ku Thyolo, ndipo Thomas Branch, Mmereka wakuda, anafika kudzatumikira kumeneko ndi banja lake. Malowo ankatchedwa Plainfield, koma m'chaka cha 1907 anapatsidwa dzina lakuti Malamulo. Dzinali sitichita nalo manyazi. Timakhulupirira kuti Malamulo Khumi sanathe, ndipo Chibvumbulutso 14:12 chikuonetsa anthu a Mulungu a masiku otsiriza akusunga malamulo ake pamodzi ndi chikhulupiriro cha Yesu. Koma chifukwa cha dzina lomwelo, phunziro la sabata ino likutikhudza ife kuposa ena. Anthu amene amalankhula kwambiri za lamulo ndiwo ali pa ngozi yaikulu yoiwala Mwini lamulo.

Werengani Eksodo 20:1, 2. N'chifukwa chiyani Mulungu anayamba ndi mau amenewa asananene lamulo loyamba?

Asanalamule kanthu, Yehova anawakumbutsa chimene anali atawachitira kale: anawatulutsa m'nyumba ya ukapolo. Malamulo sanaperekedwe ku Aigupto monga mtengo wa ufulu. Anaperekedwa pa Sinai kwa anthu omasulidwa, monga makhalidwe a banja limene analowamo. Dongosolo limeneli silisinthika m'Baibulo lonse. Chiombolo chimatsogola, kumvera kumatsatira.

Werengani Yohane 14:15, 21, 23, Aroma 13:8-10, ndi Yeremiya 31:31-34. Kodi chikondi chimachotsa lamulo, kapena chimalichitira chiyani?

Ena amaganiza kuti kutumikira mwa chikondi ndiko kuchita chimene mtima wafuna. Yesu sanaphunzitse chomwecho. Iye anamangiriza chikondi ndi kumvera pamodzi, naika chikondi patsogolo monga muzu, ndi kumvera pambuyo monga chipatso. Mwamuna wokonda mkazi wake sasiya lamulo lachisanu ndi chiwiri. Amalisunga mozama kuposa amene amangoopa kugwidwa, pakuti amalisunga ngakhale m'maganizo, ngakhale ali kutali ku Johannesburg kumene palibe womdziwa. Pangano latsopano silisintha mau a lamulo. Limasintha malo olembapo, kuchoka pa mwala kupita mumtima.

Makolo athu m'chikhulupiriro anafunika kuphunziranso zimenezi. Pa msonkhano waukulu wa mpingo wathu ku Minneapolis m'chaka cha 1888, alaliki awiri achinyamata, E. J. Waggoner ndi A. T. Jones, anatsindika kuti chilungamo chimalandiridwa mwa chikhulupiriro mwa Khristu. Atsogoleri ena anaopa kuti uthengawu udzafooketsa lamulo, ndipo anautsutsa. Ellen G. White anaima nao alaliki awiriwo, ndipo m'buku lake la Steps to Christ, lotuluka m'chaka cha 1892, anaphunzitsa kuti kumvera koona kumachokera m'chikondi, ndi kuti kungotsata malamulo kunja kokha sikokwanira.

Sabata ndilo muyeso wabwino wa nkhani imeneyi. Pa Deuteronomo 5:15 chifukwa chosungira Sabata ndicho kukumbukira kuti Israyeli anali kapolo ndipo anaomboledwa. Kapolo sapuma. Wa pa thangata sanali mwini masiku ake. Sabata ndi chizindikiro cha anthu amene Mulungu wawabwezera ufulu. N'chomvetsa chisoni pamene tsiku loperekedwa kuti lithetse ukapolo lisanduka goli lina, ndipo ana athu amalikumbukira ngati tsiku la kuletsedwa ndi kukalipidwa kokha. Yesaya 58:13, 14 akulitcha tsiku lokondweretsa, ndipo Yesu pa Marko 2:27 akutikumbutsa amene Sabata linapangidwira.

Funso loganizira: Ana a m'nyumba mwanu atafunsidwa chifukwa chake banja lanu limasunga Sabata, angayankhe chiyani?

LACHINAYI

Pamene Mtima Wazirala

Pano wina angafunse moona mtima: Ngati Mulungu safuna ntchito yokakamizika, kodi ndileke kupemphera ndi kupita kutchalitchi kufikira nditamvanso chikondi? Funsoli n'lofunika, pakuti palibe Mkhristu amene mtima wake umayaka tsiku lililonse. Pali m'mawa wina pamene Baibulo limaoneka louma, ndipo pali Sabata lina pamene miyendo imalemera.

Yankho ndi lakuti chikondi cha m'Baibulo n'chozama kuposa chimene timamva m'thupi. Mai amene amadzuka pakati pa usiku kusamalira mwana wodwala malungo samva kukoma kulikonse pa ora limenelo. Maso ake ali ndi tulo, msana ukuwawa. Koma palibe anganene kuti ali pa thangata. Iye sakuwerenga maora kuti adzalipidwe, ndipo sakuopa kapitao. Akudzuka chifukwa mwanayo ndi wake. Chotero tisaleke kuchita chabwino pa tsiku louma. Tileke kuchichita monga malipiro.

Werengani Eksodo 21:2-6 ndi Genesis 29:20. Kodi nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa chiyani za ntchito yochitidwa mwa chikondi?

Kapolo Wachihebri anamasulidwa m'chaka chachisanu ndi chiwiri. Koma lamulo linapereka mpata kwa amene, chifukwa chokonda mbuye wake ndi banja lake, anafuna kukhalabe. Khutu lake linabooledwa pa chitseko, ndipo anatumikira moyo wake wonse. Ntchito yake ya tsiku lotsatira inali yomweyo ya dzulo, koma tsopano anali munthu amene khomo linamtsegukira ndipo anasankha kukhala. Umu ndi m'mene Paulo, mlaliki wamkulu wa ufulu, anathera kudzitcha kapolo wa Yesu Khristu.

Werengani Chibvumbulutso 2:1-5. Mpingo wa ku Efeso unali ndi zabwino zotani, ndipo unasowa chiyani? Kodi Yesu anaupatsa mankhwala otani?

Aefeso anali akhama, opirira ndi odziwa kuyesa aphunzitsi onyenga. Komabe Ambuye anati choikapo nyali chao chinali pa ngozi, chifukwa chikondi choyamba chinali chitatayika. Sanawauze kuti aleke ntchito. Anawauza kuti akumbukire, alape, ndi kubwerera ku zoyamba.

Chikondi sichibwera ndi kudzikakamiza kukonda. Chikatero chikanakhala thangata wina woposa woyamba. Vesi lathu loloweza likutiuza kuti chikondi chathu ndi yankho chabe, ndipo amene anayamba ndi Mulungu. Munthu wozizidwa sadzilamula kuti afunde. Amasendera pafupi ndi moto. Moto wathu ndi mtanda. Pa Luka 7:36-50 mkazi wochimwa anachita zimene Simoni Mfarisi sanachite, ngakhale panalibe lamulo lomuuza kutero, chifukwa iye anadziwa kukula kwa ngongole imene inafafanizidwa. Simoni ankadziyesa wa ngongole yochepa, ndipo chikondi chake chinali cha muyeso womwewo.

Werengani Yohane 21:15-17. Yesu asanapatse Petro ntchito, anamfunsa chiyani?

Petro anali atakana Ambuye wake katatu. Yesu sanamfunse za luso lake, kapena kumuuza kuti alonjeze kuti sadzagwanso. Anamfunsa za chikondi katatu, ndipo pa yankho lililonse anampatsa nkhosa zoti adyetse. Tikamasankha akulu a mpingo, madikoni, atsogoleri a Dorika ndi aphunzitsi a Sukulu ya Sabata, funso limeneli liyenera kutsogola.

Funso loganizira: Ndi liti pamene munakhala pansi mwakachetechete ndi kulingalira zimene Yesu anakukhululukirani inuyo?

LACHISANU

Kuphunzira Mopitiriza: Werengani kalata yonse ya Paulo kwa Filemoni, makamaka mavesi 8, 9, 14 ndi 21. Werenganinso 2 Akorinto 5:14-21.

Paulo anali ndi ulamuliro wa mtumwi, ndipo akanatha kulamula Filemoni kuti alandire Onesimo, kapolo wake wothawa. Iye ananena poyera kuti mphamvuyo ali nayo, koma anaiika pambali, napempha m'dzina la chikondi, kuti chabwino cha Filemoni chikhale chaufulu. Ndipo anayembekezera kuti Filemoni adzachita zoposa zimene anapemphedwa. Lamulo lokha limapeza chimene latchula basi. Chikondi chimapitirira.

Mbiri ya Blantyre ndi Domasi ikutichitira umboni womwewo pa dothi lathu lino. Nyengo ya chikoti inatha m'manyazi zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi. Ntchito imene inayamba ndi kuphunzira chilankhulo cha anthu ndi kuwaitana mwaulemu ikadalipo m'chigwa cha Domasi patapita zaka zoposa 140. Ngati zili chomwecho pakati pa anthu, koposa kotani pakati pa Mulungu ndi ife? Pa nkhondo yaikulu ya pakati pa Khristu ndi Satana, mdani amanena kuti palibe amene amatumikira Mulungu kwaulere, monga ananenera za Yobu pa Yobu 1:9-11. Mkhristu aliyense amene amamvera chifukwa cha chikondi, pa tsiku la zokolola ndi pa tsiku la njala lomwe, akuyankha bodza limenelo pamaso pa chilengedwe chonse.

Mafunso Okambirana:

1. Mtsikana wa mu mpingo wanu wakuuzani kuti amabwera kutchalitchi chifukwa choopa atate ake basi, ndipo akadzapita kukoleji adzaleka. Kodi mungamuyankhe bwanji? Nanga atate akewo mungawalangize chiyani, podziwa kuti kholo lili ndi udindo wolera ana m'njira ya Ambuye?

2. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chibvumbulutso 14:7 ukutiitana kuopa Mulungu, pamene 1 Yohane 4:18 akunena kuti chikondi changwiro chimachotsa mantha. Kodi mavesi awiriwa akugwirizana bwanji? Pali kusiyana kotani pakati pa ulemu wa mwana kwa atate wake ndi mantha a wantchito kwa kapitao?

3. Taganizirani m'mene mpingo wanu umalengezera zopereka za chitukuko, ntchito yomanga, kapena zokonzekera msonkhano wa misasa. Kodi njira zathu zimadzutsa mtima wothangata, kapena zimachititsa manyazi osauka? Tingasinthe chiyani?

4. Chilango cha mpingo n'chofunika pa nthawi yake. Kodi tingachipereke bwanji kuti wolangidwayo aone atate ataima panja kumdikira?

Mwachidule: Mulungu anatiombola tisanamchitire kanthu. Kumvera kwathu, kusunga kwathu Sabata, chakhumi chathu ndi utumiki wathu sizigula malo athu m'nyumba ya Atate, pakuti malowo anagulidwa ndi mwazi wa Khristu. Iye akutiitana kumunda wake monga ana a pakhomo. Tikapeza kuti mtima wayamba kuwerenga masiku, tisataye khasu. Tibwerere pa mtanda, tikumbukire amene anayamba kutikonda, ndipo tilinyamulenso.